Khoma la chipinda chakumunsi likukha madzi: kodi French drain ingathandize?

Funso: Ndili ndi nyumba ku Machinjiri mu mzinda wa Blantyre, pamalo otsetsereka. Pomanga tinasema chitunda, ndiye kumunsi kuli zipinda ziwiri zimene khoma lake lakumbuyo lagundana ndi dothi lotalika pafupifupi mamita 2. Chaka chilichonse kuyambira mu Januwale khomalo limanyowa, penti imasupuka, ndipo m'munsi mwake mumatuluka madzi. Tapakapo pulasitala kawiri ndi penti yomwe amati salowa madzi, koma sizikuthandiza. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg akuti tiike French drain. Kodi n'chiyani chimenechi, ndipo chingathandizedi? Ndine mayi wa ku Machinjiri.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo wakulangizani bwino. Pa nyumba yosemedwa m'chitunda ngati yanuyi, inenso ndikanatchula zomwezo. Koma musanagule ngakhale paipi imodzi, lekani kaye kutaya ndalama pa pulasitala ndi penti za m'kati. Madzi akukusautsaniwa ali kuseri kwa khoma, ndipo pamene mukuwaona m'chipinda amakhala atadutsa kale njerwa zonse. Penti imangowatsekera potulukira, iwo n'kuikankha mpaka itatupa ngati thuza n'kusupuka. N'chifukwa chake mwapaka kawiri konse osaona kusintha.

Dzinali lisakusokonezeni, silichokera ku France. Ndi la munthu, Henry Flagg French, loya wa ku America amene ankakondanso zaulimi. Mu 1859 anatulutsa buku lotchedwa Farm Drainage, lofotokoza mmene alimi angaumitsire minda ya lowe pokwirira ngalande pansi pa nthaka. Nzeru yake ndi yosavuta. Mumakumba ngalande yotsetsereka pang'ono, pansi pake n'kugonekapo paipi yobowolabowola, kuthira miyala ya kwale, kenako kukwirira. Madzi oyenda m'dothi akafika pamiyalapo amapeza mipata ikuluikulu, ndiye amatsikira pansi, kulowa m'paipi, n'kukatulukira kumunsi kutali ndi nyumba. Ngalande ya simenti imene tonse timaidziwa imanyamula madzi oyenda pamtunda. Iyi imanyamula amene maso sawaona.

Mwanena kuti vutoli limayamba mu Januwale, osati mvula ikangoyamba mu Novembala, ndipo mawu amenewo andiuza zambiri. Mvula yoyamba imagwera dothi louma gwa, dothilo n'kumwa yonse. Pofika Januwale limakhala litakhuta, ndipo madzi otsala amayamba kuyenda pansi potsata mtsetse, kawirikawiri pamwamba pa thanthwe kapena pa dothi lolimba limene lili kunsi kwa katondo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Musanamange, madziwo anali ndi njira yawo yotsikira kumunsi. Mutasema chitunda n'kuimika khoma, munatchinga njirayo mosadziwa. Komanso mpata umene umatsala pakati pa khoma ndi dothi losemedwa, amisiri ambiri amangoponyamo chilichonse chimene chili pafupi: dothi lofukula, zidutswa za njerwa, mapepala a simenti. Dothi lokwirirali ndi lofewa kuposa limene silinakumbidwe, choncho limamwa madzi msanga n'kuwasunga ngati beseni, mogundana ndi khoma lanu.

Madzitu ndi olemera. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Akadzaza kuseri kwa khoma mpaka mamita 2, amakankha mita iliyonse ya m'litali mwa khomalo ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani pafupifupi 2, osawerengera dothi lenilenilo. Matani 2 ndi matumba 40 a simenti. Ndiye nkhaniyi sindikuiona ngati ya penti yosupuka chabe ayi. Pitani mukaliyang'ane bwino khomalo lero. Mukaona mng'alu wopingasa, kapena khoma likuoneka ngati latupa chapakati, musagonekemo munthu ndipo musakumbe chilichonse mpaka injiniya wa zomangamanga ataliona. Aliyense amene anaona zimene zinachitika ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, sachita chibwana ndi dothi lokhuta madzi pamalo otsetsereka. Ngalande tikunenayi siingaletse phiri kugumuka, koma khoma la nyumba imalichotsera katundu amene silinamangidwire kusenza.

Musanaitane anyamata okumba, tsimikizani kaye kuti madziwo akuchokeradi pansi. Ndafikapo pa nyumba zambiri pamene eni ake amafuna ngalande yapansi chonsecho vuto lili padenga. Werengani nokha. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 120, pa mvula ya mamilimita 50 imene ku Blantyre imatha kugwa madzulo amodzi okha, limakhuthula malita 6,000. Imeneyo ndi migolo 30 ya malita 200. Ngati theka la dengalo limathira kumbuyo ndipo kulibe ma gutter, ndiye kuti migolo 15 ikukhuthulidwa pa dothi lofewa lija tsiku limodzi. Mvula ikadzagwa yamphamvu, tengani ambulera muzungulire nyumba. Onani pamene madzi a padenga akugwera, pamene ochokera kwa aneba akumtunda akulowera, ndi pamene akuima osayenda. Zimene mudzaone pa mphindi khumi zimenezo, mmisiri wobwera mu Okutobala kuli fumbi sangazione.

Tsekaninso mipopi yonse muone ngati mita ya madzi ikuyendabe. Popeza khoma lanu limauma m'chilimwe, paipi yodontha sindikuikayikira kwenikweni, koma kuyesako n'kwaulere. Chimene ndingakonde kudziwa kwambiri ndi kumene madzi a kubafa ndi otsukira mbale amathera, komanso pamene pali soak away ya sepitiki thanki (dzenje lolandira madzi otuluka m'thankiyo), yanu kapena ya aneba. Ikakhala kumtunda kwa nyumba, m'dzinja imadzaza ndendende ndipo zosefukirazo zimatsikira kwa inu. Pamenepo fungo limanena lokha.

Palinso chinyontho china chimene anthu amachisokoneza ndi ichi. Njerwa zimayamwa madzi kuchokera m'faundeshoni monga mmene chingwe cha koloboyi chimayamwira parafini. Chizindikiro chake ndi mzere wonyowa m'munsi mwa makoma, kawirikawiri wosapitirira mita imodzi, wokhala ndi mchere woyera mbuu, ndipo umapezeka ngakhale pamakoma akutsogolo amene sanagundane ndi dothi. Chimenechi chimabwera ngati pepala lakuda la DPC, lotchinga chinyontho m'munsi mwa khoma, silinaikidwe pomanga, kapena ngati dothi la maluwa launjikidwa mpaka kulikwirira. French drain imachepetsako vuto limeneli koma siilithetsa.

Njira yotsimikizira madzi a pansi ndi iyi. Kumbani kadzenje konga ka mzati wa mpanda, kakuya mita imodzi kapena kupitirira, mamita 2 kapena 3 kumtunda kwa nyumba. Vundikirani ndi lata n'kupsinja ndi mwala kuti mvula isagweremo, ndiponso ana asapondemo. M'mawa uliwonse muzipisamo ndodo. Mukapeza madzi akulowa okha kuchokera m'mbali n'kukhalamo masiku angapo mvula itakata, ndiye kuti ndi omwewo. Kufufuza konseku ndi kwa m'dzinja. Kukumba kwenikweni dikirani Ogasiti mpaka Okutobala, dothi litauma.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Imayambira kotulukira madzi, osati pakhoma. Ngalande yopanda kotulukira ndi chitsime chimene mwadzikumbira pambali pa nyumba, ndipo imawonjezera vuto. Inu muli ndi mwayi chifukwa malo anu ndi otsetsereka, madzi adzatsika okha popanda pampu. Paipi idzayenda kuseri kwa khoma lonselo, n'kukhota pakona imodzi kapena zonse ziwiri, kutsika m'mbali mwa nyumba mpaka itatulukira pamtunda kumunsi. Iyenera kutsika sentimita imodzi pa mita iliyonse, kapena kuposerapo. Pa mamita 20, kumapeto kukhale kotsika masentimita 20 kusiyana ndi koyambira. Mmisiri asakuuzeni kuti aona ndi maso. Atenge paipi yoonekera ija yodzaza madzi imene amatengera levulo, akhome zikhomo, amange chingwe.

Kuya kwake ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amaika paipi pamwamba kwambiri, mwina theka la mita kuchokera pamtunda, chifukwa kukumba n'kotopetsa. Paipi yotero imangochotsa madzi a pamwamba pake, a pansi n'kumalowabe m'chipinda. Paipi yonse iyenera kugona motsika kuposa simenti ya pansi ya zipinda zanuzo, pambali pa konkire ya faundeshoni. Ena amapitirira muyeso n'kukumba mozama kuposa pamene faundeshoni yathera, mogundana nayo. Apo ndiye kuti akuchotsa dothi limene lanyamula nyumba. Ngati mtsetse wa paipi ukufuna kuti mutsike kupitirira faundeshoni, ngalandeyo italikire: kutsika masentimita 30, kutalikiranso masentimita 30 kapena kuposa.

Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa ndi moyo wa ana a eni ake. Ngalande yakuya mamita 2 imapha. Dothi lodzaza kyubiki mita imodzi limalemera kuposa tani, ndipo likamagumuka silichenjeza. Ikangopitirira mamita 1.2, m'mbali mwake mutchingidwe ndi matabwa ochirikizidwa ndi mitengo yopingasa, kapena mbali yakumtunda isemedwe motsetsereka. Dothi lofukula liunjikidwe patali ndi m'mphepete. Munthu asatsikiremo ali yekha pamalopo. Ndipo musavundukule khoma lonse nthawi imodzi. Kumbani mamita 3 kapena 4, malizani, kwirirani, kenako pitirirani.

Khoma likaonekera, umenewo ndi mwayi umene simudzaupezanso posachedwa. Likwecheni ndi bulashi ya waya, tsekani ming'alu, pakani pulasitala wolimba, ndipo akauma pakani phula la bitumen kawiri kapena katatu kuchokera pa faundeshoni mpaka kupitirira pamene dothi lidzathere. Pamwamba pa phulalo yalani pulasitiki wokhuthala kuti miyala isalikande. Ngati pomanga munathira mankhwala a chiswe, kukumbaku kwawasokoneza, ndiye itanani odziwa ntchitoyo adzathirenso, ndipo muwauze kuti pali ngalande kuti mankhwalawo asathiridwe m'miyala n'kukatuluka ndi madzi kumunsi.

Kenako pamabwera nsalu ya geotextile. Imaoneka ngati bulangeti lopyapyala, imalola madzi kudutsa koma imagwira dothi. Mumaiyala m'ngalande monse, pansi ndi m'mbali, n'kusiya yotsala yolendewera kunja. Pansi thirani miyala masentimita 5 mpaka 10, gonekani paipi, thiraninso miyala pamwamba. Pomaliza mumapinda nsalu ija pamwamba pa miyala, mbali ina kupitirira inzake masentimita 30, monga mmene amayi amakulungira mkate m'masamba a nthochi. Nsaluyo ikulunge miyala yonse, osati paipi yokha.

Ndikulimbikira pa nsaluyi chifukwa cha zimene ndinaona pa nyumba ina imene ndinaitanidwa. Mwini wake anali atalipira kale ngalande yotereyi, ndipo inagwira ntchito dzinja limodzi lokha. Titafukula tinapeza kuti m'malo mwa kwale anathiramo zidutswa za njerwa zosapsa bwino, zimene zinali zitasungunuka n'kusanduka phala lofiira. Nsalu munalibe. Paipi titaidula, mkati munali dothi lodzaza thothotho, moti ndinachita kulikolopola ndi ndodo, likutuluka lozungulira ngati chinangwa. Mbali ina anali atakulunga ndi pulasitiki wakuda, poganiza kuti akuteteza paipi, osadziwa kuti akutsekera madzi kunja. Mayi wa panyumbapo anangokhala pakhonde atagwira tsaya, chifukwa ndalama zimene zinapita pamenepo zinali za ngongole. Zinandipweteka mtima, popeza kusiyana kwa ntchito imeneyo ndi ntchito yabwino kunali mpukutu umodzi wa nsalu ndi matiripi ochepa a kwale. Ena amafunsa ngati masaka a feteleza angalowe m'malo mwake. Ine sindivomera, chifukwa amatsekeka msanga ndi dothi losalala. Nsalu ikasowa m'mahadiweya, funsani kwa ogulitsa zipangizo za makontirakitala a misewu, ndiko imapezeka kawirikawiri.

Miyala ikhale kwale wa mamilimita 20 kapena wokulirapo pang'ono, woyera, wopanda fumbi. Akabwera ndi fumbi lambiri, musefeni kapena mutsukeni, chifukwa fumbi la kwale likanyowa limagwirana ngati simenti. Kuseri kwa khoma lalitali ngati lanulo, miyala isathere pa paipi pokha. Ikwere ndi khomalo, m'lifupi masentimita 30 mpaka 40, kufika masentimita 30 kuchokera pamtunda, kuti madzi obwera pa msinkhu uliwonse apeze potsikira asanakhudze njerwa. Pa khoma la mamita 10, miyala ya m'lifupi masentimita 40 ndi msinkhu wa mamita 1.5 ndi makyubiki mita 6, mawilibala pafupifupi 100. Ndalama zambiri zimapita pamenepo, ndipo ndi pomwe mmisiri wofuna kudulira amachepetsa. Masentimita 30 otsala pamwambawo kwirirani ndi dothi lomata, mutsendere bwino, ndipo litsetserekere kutali ndi khoma, kapena ikanipo khonde la simenti lokhala ndi kangalande kake.

Paipi ikhale ya PVC ya mamilimita 110, yolimba ija yokwirira pansi, osati yopyapyala. Imabwera yotalika mamita 6. Mukapeza yobowola kale ndi bwino, koma mmisiri akhoza kubowola yekha ndi dirilo: mabowo a mamilimita 8 mpaka 10, mizere iwiri, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mabowowo ayang'ane pansi. Apa mudzakangana ndi anthu, chifukwa ambiri amaganiza kuti madzi amagwera m'paipi kuchokera pamwamba ngati mvula. Si choncho. Madzi amatsikira pansi pa ngalande n'kuyamba kukwera, ndiye mabowo akakhala pansi amalowa akadali ochepa, pamene akakhala pamwamba mpaka ngalande idzaze kufika pamsana pa paipi. Mukayang'ana kukamwa kwa paipi ngati wotchi, mizere iwiriyo ikhale pa 4 koloko ndi pa 8 koloko, kuti pakati patsale kanjira kosabowola koyendamo madzi. Ikangodutsa khoma lonyowalo n'kuyamba ulendo wopita kotulukira, paipi ikhale yosabowola, kuopa kuti ingamabwezere madzi m'dothi m'mbali mwa nyumba.

Pa kona iliyonse ndi koyambira, imikani paipi yofika pamtunda yokhala ndi chotsekera. Ndi pamene muzidzalowetsa hosipaipi mu Okutobala aliyense kutsuka mkati mvula isanagwe. Kotulukira mangani waya wa sefa kuti makoswe, achule ndi njoka zisasandutse nyumba, ndipo pansi pake yalani miyala kuti madzi asakumbe chigwembe. Madziwo apite ku ngalande ya msewu ngati akhonsolo akuloleza, kapena kumunsi kwa puloti yanu, mamita osachepera 5 kuchokera ku nyumba, kumene mungabzale nthochi kapena nzimbe zoti zizimwa. Asapite m'sepitiki thanki, asayandikire chimbudzi chokumba, asaime n'kukhala chithaphwi choswanirana udzudzu, ndipo chonde asakathire pa mpanda wa aneba akumunsi. Milandu yambiri ya m'makwalala athu imayamba ndi paipi yotulukira pansi pa mpanda.

Madzi a padenga asalowe m'paipi yobowolayi ngakhale pang'ono. Migolo 30 ija ikalowamo, imadzaza paipi n'kutulukira m'mabowo kupita ku faundeshoni, ndipo imabweretsa masamba ndi fumbi la padenga. Akhale ndi paipi yawoyawo yosabowola, ngakhale itagona m'ngalande imodzimodziyo chapamwamba. Mitengo ya mizu yofunafuna madzi, monga bulugamu, kachere ndi nsungwi, isakhale pafupi, chifukwa mizu ikapeza bowo limodzi imadzaza paipi yonse ngati tsitsi.

Ndikudziwa kuti zonsezi pamodzi si ndalama zochepa. Ngati simungathe zonse chaka chino, yambani ndi ma gutter ndi kukonza mtsetse wa dothi kumbuyo kwa nyumba; nthawi zina zimenezo zokha zimachepetsa vuto kwambiri. Chotsatira ndi ngalande yotchingira madzi asanafike, yomangidwa chimodzimodzi ndi nsalu, miyala ndi paipi, koma yokumbidwa mopingasa chitunda mamita 3 kapena 4 kumtunda kwa nyumba, mpaka kufika pa dothi lolimba limene madzi amayendapo. Imeneyi sikhudza faundeshoni, choncho ngozi yake pa nyumba ndi yochepa. Koma popeza kwanu madzi afika potuluka m'munsi mwa khoma, ndikuona kuti ya pakhoma penipeni mudzaifunabe.

Owerenga ena amene anamanga pamalo athyathyathya, monga m'madambo ena a ku Lilongwe, asangotengera zimene ndauza mayiwa. Kumeneko kulibe kotsikira, ndiye madzi amafunika dzenje losonkhanirako ndi pampu, ndipo mvula yamkuntho ndi imene imabwera ndi kuthima kwa magetsi. Pa dothi la makande pamafunikanso kusamala kwina, chifukwa limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma, moti kuumitsa mbali imodzi yokha ya nyumba kungang'ambe makoma. Pamenepo injiniya aone kaye.

Tsiku logoneka paipi mudzakhalepo nokha, mayi. Asanathire miyala ya pamwamba, uzani anyamata akhuthule mgolo wa madzi koyambira, inu mukaime kotulukira. Madzi akafika akuyenda chuchuchu, aloleni akwirire. Akachedwa kapena kubwera ochepa, pali pamene paipi yabwama, ndipo akonze pomwepo. Jambulani zithunzi pa foni, kusonyeza pamene paipi yadutsa, kuti wodzakumba mtsogolo asadzaiswe ndi piki. Zikatha, gumulani pulasitala wovunda wa m'kati uja, tsegulani mawindo, ndipo musiye njerwa zipume miyezi ingapo, chifukwa khoma lokhuta madzi limauma pang'onopang'ono. Pulasitala watsopano ndi penti zidikire mpaka dzinja limodzi litadutsa mukuona khomalo lili louma.